ZA NDIWO ZOKHUTITSA POPANDA NYAMA KAPENA NSOMBA

Inu mafumu, anyakwawa ndi alimi a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, tamverani mau awa, ndipo mukawafotokozere amai kunyumba.

Kawiri kawiri timamva munthu alikudandaula kuti, "Dzulo tinagona ndi njala, tinadyera masamba okha." Nsima anadya ndithu, koma ndiwo zace zinali madzi ndi mcere basi. Popeza nyanja iri pafupi, ambiri a ife tinazolowera kuyesa kuti ndiwo zeni zeni ndi nsomba. Koma cambo cinacepa m'nyanja, usipa ulikukwera mtengo, ndipo mbuzi sitipha masiku onse. Kodi mwana adikire tsiku la ukwati kapena la maliro kuti adye cakukhutitsa? Iai.

M'zaka za 1938 ndi 1939 Dr. B. S. Platt ndi anzace anayesa zakudya za anthu m'midzi ya ku Nkhotakota, napeza kuti cakudya cimacepa m'dzinja, pamene nchito ya khasu icuruka. Kuno kwathu nkomweco. Cifukwa cace tiyenera kusamala mbeu zimene zigwira nchito ya nyama m'thupi, ndizo mtedza, khobwe, nandolo, nzama ndi nyemba.

Mtedza ndiwo woposa. Pafupi theka lace ndi mafuta, ndipo limodzi la magawo anai ndi cakudya comanga thupi. Nkhwani yotendera iphikidwa motere: sadzulani masamba anthete, muwadule, muwaike mu mphika wa madzi owira ocepa. Akafewa thirani matimati ndi mcere, ndipo pamwamba pace nsinjiro zodzala manja awiri. Bvundikirani, musatakase msanga. Nsinjiro ziyambe zapsya, pakuti zaziwisi zitsegula m'mimba. Madzi a ndiwo musataye, mphamvu ina iri momwemo. Citambe, kholowa ndi bonongwe zitenderedwa comweco. Cidulo cikhale ca therere lokha. Cifewetsa masamba msanga, inde, koma cionongamo zina zofunika m'thupi.

Cigwada cisiyana ndi masamba ena, cifukwa masamba a cinangwa ali ndi ululu. Asinjeni bwino mu mtondo, muwawiritse nthawi yaitali osabvundikira, ndipo pambuyo pace mutendere.

Pano ndiri ndi mau obvuta. Ndaona m'midzi yambiri kuti posankha mtedza, wabwino wonse upita kumsika, ndipo wofota ndi wa cuku ndiwo utsala wa nsinjiro. Cuku cimeneco ciononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wophikira sucipha. Mtedza wotere tayani. Amuna inu, musagulitse mtedza wonse m'mwezi wa Juni ndi kudzafunsa ndiwo m'Januwale. Patulani wa pakhomo poyamba, muusunge ndi makoko ace pamalo pouma.

Kwa ana ang'ono ndi nkhalamba palibe ndiwo yoposa cipere. Bviikani khobwe kapena nyemba, mucotse makoko, muwiritse kufikira zitaphwanyika, ndi kuzipukusa. Mwana wosiya kuyamwa akamadya phala la ufa woyera lokha, atupa miyendo ndipo tsitsi lace lifiira. Thirani m'phala lace nsinjiro kapena cipere, ndipo ufa ukhale wa mgaiwa.

Mwezi wa Marici ndi wa Epulo masamba acuruka kufikira kuonongeka m'minda. Imeneyo ndiyo nthawi ya mfutso. Futsani citambe ndi nkhwani pang'ono, muyanike pa mphasa, mumange zikwatu ndi kuzipacika mosafika cinyezi. Kuno kucigwa dzuwa la Okotobala liumitsa zonse, ndipo wopanda dimba adzadalira zikwatuzo.

Inu mafumu, nandolo acedwa kucha, atsala m'munda cimanga citakololedwa. Anthu ambiri analeka kubzala nandolo cifukwa mbuzi ndi ng'ombe zimasulidwa msanga ndi kudya zonse. Itanani anthu anu pabwalo, mupangane mwezi womasula ziweto, ndipo mugwirizane za cobwezera ca munthu amene mbuzi zace zalowa m'munda wa mnzace.