Phunziro la Mwezi Uno: Za Kuzolowera Kulemba Tsiku ndi Tsiku

Abale ndi alongo a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za chinthu chooneka chaching'ono, ndicho kulemba pang'ono tsiku lililonse osalekeza.

1. Chifukwa chake

Taona kawirikawiri pa maliro m'mudzi muno, ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, ana ake angoyang'anana. Wina adziwa boma limene bambo wao anachokera, koma mudzi ndi nyakwawa yake sadziwa. Wina akumbukira mfunda, koma chaka chobadwa chamthawa. Kodi chilema chimenechi chachokera kuti? Lilongwe anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo anthu ambiri anasiya midzi yao ku Dedza, ku Ntchisi, ku Mchinji ndi kwina, nabwera kudzafuna ntchito. Kumudzi mbiri inasungidwa pakamwa pa agogo, ana atakhala pamoto madzulo. Koma kuno agogo ali kutali, ndipo moto wathu ndi mbaula imene ingozima nsima ikapsa. Amene anaona njala ya 1949 ndi maso ao atsala owerengeka. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Koma adzagonera pati ngati palibe wowalemba?

2. Amene anatitsogolera

Samuel Josia Nthara, wobadwa m'chaka cha 1905, anali mphunzitsi pa Nkhoma. Iye analemba buku la Nthondo, limene linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Afrika, nilisindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi, ndipo azungu a ku Ulaya anawerenga za moyo wa Mchewa wa kumudzi. Pambuyo pake Nthara anafunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa, ndipo mu 1949 anatulutsa mbiri ya mfumu Msyamboza ya m'boma la Dowa. Tizindikire kuti munthu ameneyu anali nayo ntchito yake ya uphunzitsi monga ife tili nazo zathu.

Tikumbukenso Buku Lopatulika limene tiwerenga Lamulungu. William Murray ndi anzake, azungu ndi anthu a dziko lino, anagwira ntchito yolimasulira zaka zoposa khumi, kufikira linatuluka mu 1922. Buku lalikulu lotero linamangidwa monga amamangira nyumba ya njerwa, ndime pamwamba pa ndime inzake. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

3. Machitidwe ake

Choyamba, tigule kope limodzi ndi cholembera chimodzi, tiziike pa malo amodzi pamene ana safikapo, chiswe ndi mvula yodontha sizifikaponso. Kope limenelo lisakhale lolembamo ngongole za pa okala.

Chachiwiri, tisankhe nthawi imodzi, ikhale yomweyo masiku onse. Wogwira ntchito ku Kanengo amene alawirira mbandakucha angathe kulemba madzulo atatha kudya. Mai wa geni amene abwera kuchokera kumsika atatopa angathe kulemba m'mamawa, madzi osamba ali pamoto. Nthawi yosasankhidwa idyedwa ndi alendo, wailesi ndi tulo.

Chachitatu, tidziikire muyeso waung'ono: mizere isanu basi, ndi tsiku la mwezi pamwamba pake. Wina adzaseka nati, mizere isanu nchiyani? Tiyeni tiwerengere. Mizere isanu pa masiku 365 ikwana mizere 1,825. Ndipo ngati tsamba limodzi litenga mizere 25, pakutha chaka tili nao masamba 73. Munthu wofuna kulemba masamba khumi tsiku loyamba atopa tsiku lachitatu, monga wolima amene ayamba ndime yoposa mphamvu zake.

Chachinayi, tilembe zimene taona ndi kumva: tsiku limene mvula yoyamba inagwa, mtengo wa chigoba cha chimanga, dzina la mwana wobadwa ndi tanthauzo lake, mwambi umene gogo ananena, mlandu umene amfumu anaweruza ndi maweruzidwe ake. Tilembe zoona zokhazokha, ndipo zamanyazi za mnansi wathu tisaziike m'kope, pakuti cholembedwa chikhalitsa koposa mkwiyo umene unachilembetsa.

Chachisanu, tilembe m'chilankhulo chimene tiganiza nacho. Tisaope kuti talakwa kalembedwe. Kukonza kuli ndi tsiku lake. Loweruka tiwerenge zonse za sabata ija, tikonze molakwika, ndipo tiwerengereko a m'banja mwathu mokweza.

4. Zopinga

Ena ati, "Tilibe nthawi." Koma mizere isanu ilembedwa msanga koposa kudikira minibasi kuti idzaze m'depoti. Ena ati, "Magetsi azima." Pamenepo tisinthe nthawi, tilembe dzuwa likali. Ena ati, "Timalemba kale pa foni." Nchabwino ndithu, koma foni ibedwa, igwera m'madzi, ndipo zonse zipita nayo, chifukwa chake zofunika tizikopere m'kope.

Chopinga choposa zonse ndi manyazi a munthu amene wadumpha masiku. Matenda afika, maliro agwa, ndipo sabata ipita kope lili chitsekere. Pamenepo mtima unena kuti, "Walephera kale, ingoleka." Tisaumvere. Tisayesenso kubweza masiku otayika. Tingolemba tsiku la lero ndi mizere yake isanu. Mlimi amene anadwala sabata imodzi sataya munda wake, koma atenganso khasu.

Ndipo amene alibe mtendere wolembera akumbuke Jack Mapanje, mlakatuli wa dziko lino, amene anatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Iye anapeka ndakatulo m'mutu nazisunga momwemo kufikira anatuluka. Ife tili pa ufulu, kope lili pa okala; tidzawiringula chiyani?

5. Mafunso okambirana

(a) Kodi mudziwa mudzi, mfunda ndi chaka chobadwa cha makolo anu onse awiri? Zalembedwa pati?
(b) Ndi nthawi iti ya tsiku imene mungaipatule osaisintha?
(c) Ndani wachikulire pafupi ndi inu amene mungamfunse za kale mwezi uno usanathe?

Tipempha kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa yense adze ndi kope lake, ngakhale muli tsamba limodzi lokha, kuti tidzawerengerane.