Phunziro: Nyanja Ikakhuta Kopitirira

Aliyense wa ife adziwa kuti manyowa ndi feteleza ndizo zikometsa munda. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti chakudya chomwechi, chikachoka m'munda ndi kukagwera m'nyanja, chisanduka matenda. Tiyeni tione m'mene zichitikira, pakuti nkhaniyi ikhudza wakumtunda ndi wakunyanja yemwe.

M'madzi a nyanja muli timbewu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene tikachuluka titcha ndere. Chakudya chake ndi chomwecho chimene chimanga chifuna, ndiye nayitrojeni ndi fosiforasi. Tizilombo ta m'madzi tidya timbewuti, usipa udya tizilomboto, ndipo ncheni idya usipa. Tsono ndere ya pa muyeso ndiyo phata la moyo wa nsomba. Nyanja ya Malawi ili ndi nkhokwe yakeyake ya chakudyachi pansi penipeni, pakuti pena ndi yakuya pafupi mamita 700. Ndipo mwera ukaomba nyengo yachisanu uvundula madzi a kummwera ndi kukweza chakudya pang'onopang'ono, monga mayi wanzeru atapa m'nkhokwe.

Nanga vuto lichokera kuti? Lichokera kwa ife. Tikadula mitengo m'mapiri, tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula yoyamba ikokolola nthaka yapamwamba pamodzi ndi feteleza amene tagula ndi thukuta. Linthipe, umene ulandira madzi a Lilongwe ndi zonyansa za m'tauni, Bua, Dwangwa ndi Songwe, yonseyi isenza matope ofiira kunka nawo kunyanja. Utsi ndi phulusa la moto wolusa wa m'tchire nazonso zigwera m'madzi.

Apa mumvetse bwino. Ndere ikalandira chakudya chochuluka iswana msanga, madzi achita biii, ndipo dzuwa lilephera kufika pansi. Kenaka ndereyo ifa, imira, niyamba kuola. Kuolako kumatha mpweya wabwino umene nsomba zipuma, monga moto umatha nkhuni. M'nyanja yathu madzi a pansi kupyola mamita 250 alibe mpweyawu kale. Tikaonjeza zoola, malo opanda mpweyawo akwera, ndipo malo okhala nsomba achepa. Matopenso akwirira miyala imene mbuna zidyapo, ndi timiyala ta mu Bua pamene mpasa uikira mazira.

Wina adzati, "Nyanja yaikulu chotere ingaonongeke ndi dothi la m'munda mwanga?" Tiyang'ane kumpoto, ku Nyanja ya Victoria, pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania, imene ndi yotambasuka kuposa yathu kawiri. Kumeneko anthu anachuluka, nkhalango zinatha, ndipo kuyambira m'ma 1960 ndere inachuluka mpaka madzi apansi anayamba kusowa mpweya. Namasupuni atalowa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapeza chakudya chili mbwee, ndipo pofika 1998 anali atatseka doko la Kisumu, mabwato osatha kutuluka. Namasupuni yemweyo timdziwa mu Shire, m'mene wakhala akuvutitsa makina a magetsi ku Nkula.

Chimene chiyenera kutiopsa koposa nchakuti nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha, ndilo Shire, ndipo madzi ambiri achoka ndi dzuwa monga nthunzi, kusiya zonyansa m'mbuyo. Chitsime chikada tichikapa tsiku limodzi. Nyanja iyi kuti isinthe madzi ake onse ifuna zaka mazanamazana.

Tidziwa kuti akuluakulu ena akamva za milambala akumbuka malimidwe okakamiza a nthawi ya atsamunda, pamene anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere. Kukakamizako kunali koipa, koma madzi othamanga pamtsetse sanasinthe khalidwe lake. Aphunzitsi, pokambirana phunziroli m'midzi mwanu, yambani ndi zimene anthu angathe chaka chomwechino: mizere ikhale yopingasa, vetiva abzalidwe pa akalozera, bango ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zisiyidwe, chimbudzi chikumbidwe kutali ndi madzi, ndipo feteleza akwiriridwe ndi dothi, asamwazidwe pamwamba mitambo itada kale.