Phunziro la Mwezi Uno: Zilembo za Zinthu Zoyamba



Tsiku lina tili pa msika wa Balaka tinaona bambo wina wachikulire ataima pakhomo pa sitolo, alikuyang'anitsitsa matumba awiri a feteleza; ndipo ndalama yake inali yokwanira thumba limodzi lokha. Pa thumba lina panalembedwa 23:21:0+4S, pa linzake 46 ndi chilembo N. Munthuyo ankadziwa kuwerenga, koma zilembo izi zinamkhalira ngati chinenero cha eni. Anafunsa mdzukulu wake, mnyamata wa sekondale, ndipo iye anati, Zimenezo tinaloweza kusukulu, koma pa thumba sindizidziwa. Pamenepo tinamva chisoni, pakuti wina anali ndi munda wopanda zilembo, mnzake zilembo zopanda munda. Chifukwa chake tati phunziro la mwezi uno likhale la zilembo zimenezi.

I. Elementi n'chiyani?

Kumbukirani m'mene tinayambira kuwerenga. Mphunzitsi analemba a, e, i, o, u pa bolodi. Kenaka tinalumikiza zilembo, ndipo panatuluka mawu osawerengeka. Momwemonso zinthu zonse timazionazi, madzi, dothi, mwala, ngakhale thupi lathu lomwe, zinapangika ndi zinthu zoyamba zowerengeka, zimene anthu ophunzira azitcha maelementi. Elementi ndiyo chinthu chimene, mungachiphwanye, mungachitenthe, mungachisungunule, sichigawika kukhala zinthu zina. Mchere si elementi, pakuti muli zinthu ziwiri mwa iwo. Koma chitsulo chenicheni ndi elementi, mkuwa ndi golide chimodzimodzi. Kachidutswa kochepetsetsa ka elementi katchedwa atomu.

Maelementi odziwika alipo 118. Opitirira 90 apezeka okha m'dziko lapansi. Otsalawo anapangidwa ndi anthu m'nyumba zoyesera zinthu, ndipo anayi otsiriza analandira maina awo m'chaka cha 2016. Munthu wa ku Russia, Dmitri Mendeleev, ndiye anawandandalika m'chaka cha 1869 monga mwa kulemera kwawo ndi makhalidwe awo. Ndipo anasiya malo opanda kanthu, nati adzapezeka ena okhalamo. Sanalakwe ayi, pakuti m'chaka cha 1875 galiyamu inapezeka, nilowa pamalo pake. Ndandanda imeneyo, atatha kuikonzanso, ndiyo ana athu aiona pakhoma la kalasi.

II. Malamulo a zilembo

Kale aliyense ankajambula maelementi ndi tizithunzi take, ndipo anthu sanali kumvana. Tsono munthu wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, m'zaka za 1813 ndi 1814, anati elementi iliyonse ilembedwe ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri zotengedwa ku dzina lake la Chilatini. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Ntaja ndi mwana wa ku Japan, angakhale samvana pakamwa, akaona Fe adziwa onse awiri kuti ndi chitsulo.

Lamulo loyamba ndi ili: chilembo choyamba chikhale chachikulu, chachiwiri chaching'ono. Musati ichi ndi chabe. Co ndi kobati, chitsulo chokumbidwa ku Congo ndi ku Zambia. Koma CO ndi zinthu ziwiri, kaboni ndi okosijeni, ndiwo mpweya wakupha wotuluka m'mbaula ya makala ikamayaka m'nyumba yotseka. Mpweya umenewo ulibe fungo, ulibe maonekedwe. Munthu amva mutu ndi tulo, nagona osadzukanso. Chotero m'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula m'chipinda.

Lamulo lachiwiri: zilembo zina sizifanana ndi dzina timalidziwali, chifukwa zatsata Chilatini. Chitsulo ndi Fe, pakuti Aroma ankati ferrum. Mkuwa ndi Cu, cuprum. Golide ndi Au, aurum. Siliva ndi Ag, argentum. Mtovu ndi Pb, plumbum. Sodiyamu ndi Na, natrium. Potaziyamu ndi K, kalium. Mwana akadziwa asanu ndi awiri awa, wawoloka pozama.

Lamulo lachitatu: nambala yaing'ono yolembedwa m'munsi kumanja kwa chilembo iwerenga maatomu. Madzi ndi H2O, ndiko kuti maatomu awiri a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni.

III. Zimene zili pakhomo pathu

Tisaganize kuti zinthu izi ndi za kutali. Tiyambe pa mafuwa. Mayi akatentha zitsononkho natcheza chidulo cha therere, mphamvu imene ifewetsa ndiwozo ichokera ku potaziyamu, K, yokhala m'phulusa. Ndipo dzina loti kalium linachokera ku mawu a Chiarabu onena phulusa la zomera. Humphry Davy wa ku England anaipatula payokha m'chaka cha 1807, koma agogo athu anali ataigwiritsa kale ntchito osaidziwa dzina.

Mchere ndi NaCl, sodiyamu ndi klorini. Taonani chodabwitsa: sodiyamu payokha ndi chitsulo chofewa chimene chilusa chikakhudza madzi, klorini payokha ndi mpweya wa ululu, koma zikaphatikana zikometsa ndiwo. Makolo a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ankautcheza mcherewu kuchokera m'dothi la m'madambo. Wa m'sitolo amauthira ayodini, I, kuti atiteteze ku chithokomiro, ndi kuti ana akule ndi nzeru zawo.

Njanji yochokera ku Nkaya, yopyola pa Liwonde kunka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndi Fe yosakaniza ndi kaboni pang'ono, C, yemweyo wa m'makala. Khasu likagona pamvula lichita dzimbiri, chifukwa Fe yagwirana ndi O wa mu mpweya. Malata sachita dzimbiri msanga popeza anawakuta ndi zinki, Zn.

Ku mapiri a Chenkumbi, m'boma la Balaka, kuli mwala wa njereza, ndiwo CaCO3: kashiamu, kaboni ndi okosijeni. Ukaotchedwa m'ng'anjo, mpweya wa CO2 uthawa, nitsala CaO; akathirapo madzi pamatentha ndi kufuka nthunzi, ndipo ituluka njereza yoyeretsera makoma. Wootcha njereza achita ndi manja ake chimene mwana wake achilemba ndi choko.

IV. Kuwerenga thumba la feteleza

Tibwerere tsopano kwa bambo uja. Manambala atatu a pa thumba aimira zinthu zitatu, ndipo satsatana mwa njira ina: loyamba N, naitrojeni, lachiwiri P, fosiforasi, lachitatu K, potaziyamu. Naitrojeni ndiyo ibiriwitsa masamba. Ikasowa, masamba a m'munsi a chimanga achita chikasu. Fosiforasi ilimbitsa mizu mbewu ikali yaing'ono. Ikasowa, masamba ayamba kufiirira. Potaziyamu ilimbitsa phesi.

Tsono 23:21:0+4S atanthauza kuti mwa magawo 100, magawo 23 ndi naitrojeni. 21 ndi muyeso wa fosiforasi pamodzi ndi okosijeni wake. Potaziyamu mulibe, n'chifukwa chake pali 0. Ndipo 4 ndi sulufule, S. Matumba ena alembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, mmenemo muli potaziyamu ndi zinki pang'ono. Thumba lina lija ndi yureya, ndipo muli naitrojeni yokha, magawo 46. Chotero m'thumba la makilogalamu 50 la yureya muli makilogalamu 23 a naitrojeni, koma m'linzake lija muli 11 ndi theka. Loyamba ndi lokulitsa, loika mbewu ikangomera, pakuti mizu ifuna P msanga. Yureya ndi wobereketsa, woika pambuyo pake.

Ife sitinamsankhire bamboyo; tinangomwerengera, ndi kumuuza kuti akaonanenso ndi mlangizi wa zaulimi. Koma anachoka akudziwa chimene ndalama yake igula. Akulu anati, safunsa anadya phula.

V. Phiri la Kangankunde

Chilipo chinthu china chachikulu. M'boma lomweli la Balaka muli phiri la Kangankunde, limene linatuluka m'mimba mwa dziko zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo. M'miyala yake muli monazite, mmene mukhala maelementi amene maiko akutali awafunitsitsa. Muli seriyamu, Ce, imene Berzelius yemwe uja pamodzi ndi mnzake Wilhelm Hisinger anaipeza m'chaka cha 1803. Iyo ndi lanthanamu, La, ndizo zipanga kamwala kothetheka moto m'laitala. Muli niyodimiyamu, Nd, ndi praziyodimiyamu, Pr, zopangira maginito amphamvu okhala m'mafoni, m'magalimoto oyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mulinso sitronshiyamu, Sr, imene iyaka ndi lawi lofiira. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, inapangana zogula mgodi umenewu.

Abale, mapangano a migodi alembedwa ndi zilembo zomwezi. Eni dziko akapanda kudziwa kusiyana kwa Ce ndi Nd, adzadziwa bwanji mtengo wa chimene chituluka m'phiri lawo? Pakuti niyodimiyamu iposa seriyamu mtengo kutalitali. Ndipo ana athu akapanda kuphunzira, adzangonyamula miyala, ena nakhala oiyesa.

VI. Maphunziridwe ake

Aphunzitsi, musakakamize ana kuloweza onse 118 tsiku limodzi. Yambani ndi makumi awiri oyamba, asanu pa sabata, ndipo chilembo chilichonse chikhale ndi chinthu chake pa tebulo: khala pa C, chibulumwa cha njereza pa Ca, phulusa pa K, pambuyo pake msomali pa Fe ndi waya wa magetsi pa Cu. Ana inu, chimene mwaphunzira m'mawa kachiwerengereni makolo anu madzulo, pa thumba la feteleza ndi pa paketi ya mchere. Makolo, musachite manyazi kufunsa mwana.

Mafunso a mwezi uno

1. Kodi Co asiyana bwanji ndi CO, ndipo chakupha n'chiti?
2. Chifukwa ninji chitsulo chilembedwa Fe?
3. Tchulani maelementi atatu a m'mwala wa ku Chenkumbi.
4. M'matumba awiri a yureya a makilogalamu 50 muli naitrojeni yochuluka bwanji?
5. Lembani zilembo za maelementi anayi a m'phiri la Kangankunde.

Mayankho muwapereke kwa mphunzitsi wa sukulu ya kwanu. Tsalani bwino.