Mafunso ndi Mayankho: Kodi Ndikamusumire Mkazi Wanga?

WOULUTSA: Amayi, kalata yoyamba yachokera ku Cassacatiza. Mnyamata wina akuti kondomu inang'ambika, ndiye achite chiyani?

ANAMWINO: Mwanawe, zoterezi salembera wailesi, amathamangira kuchipatala. Kuli mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka edzi, omwe umamwa masiku 28, koma uyenera kuwayamba maola 72 asanathe. Ndimanena sabata iliyonse. Ngati nthawiyo yadutsa, pitabe ukayezetse, ndipo akuuza tsiku lobwererako.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku N'sadzo. Akuti mwini munda wa fodya akufuna aone zotsatira za magazi asanawalembe ntchito.

ANAMWINO: Alibe ufulu umenewo. Lamulo 19/2014 limaletsa kukakamiza wofuna ntchito kuyezetsa, limaletsanso kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha kachilombo. Tipitirire.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Mualadzi. Bambo akuti apeza botolo la ma ARV m'thumba la chimanga. Mkazi wawo anapezeka ndi kachilombo kusikelo koma sanawauze. Akufunsa kuti, ndikamusumire kupolisi?

ANAMWINO: Apa ndiye mundilole ndikhalitsepo. Bambo, mtima wanu ukuwawa, ndikumva. Koma m'kalata yonseyi simunatiuze chinthu chimodzi: inuyo munayezetsa liti?

Lamulo lilipo, sindikubisirani. Kuno ku Mozambique malamulo amalanga munthu wopatsira mnzake matenda akudziwa, ndipo lomwe lija la 2014 limapatsanso amene ali ndi kachilombo udindo woteteza mnzake. Koma taganizirani amene amakodwa. Ndi amene akudziwa. Nanga amayamba kudziwa ndani pabanja? Ndi mayi, chifukwa mimba imamupititsa kusikelo ndipo kumeneko amamuyeza. Bambo amakhala ali kumunda, kumigodi ya golide kapena pamsewu wa ku Zambia, ndipo dzina lake mulibe m'kope la kuchipatala. Kuyamba kupezeka nako si kuyamba kukatenga. Ngakhale khoti limavutika kutsimikiza amene anapatsira mnzake.

Kutsidya ku Malawi zinachitika. Mu 2016 mayi wina wa ku Machinga, amene ankamwa ma ARV, anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 9 chifukwa mwana wa mnzake anayamwa bere lake pamsonkhano wa m'mudzi. Mwanayo sanatenge kachilombo. Mu Januwale 2017 woweruza Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba anathetsa chigamulocho. Chaka chomwecho, aphungu atakhala pansi kukambirana lamulo la edzi, amayi omwe ali ndi kachilombo analimbikira mpaka ndime zofuna kumanga anthu zinachotsedwa. Amayiwo ankadziwa kuti oyamba kunjatidwa akanakhala iwo.

Tsono mukamutengera mkaziyo kupolisi, mudzi wonse uphunzirapo chiyani? Anyamata aziti bola osayezetsa, wosadziwa alibe mlandu. Amayi apakati azithawa sikelo n'kumachirira kunyumba, ana n'kumabadwa ndi kachilombo kamene tikanakatsekereza. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 12.5 mwa 100 alionse kuno ku Mozambique ali nako. Ndende yake iti? Ife achipatala amene amatisowetsa tulo si womwa mankhwala, koma amene sanayezetsepo n'kumayendayenda.

Ndipo botolo mwalipezalo, bambo, mwina ndilo lakutetezani. Munthu akamamwa ma ARV mosadumphitsa, tizilombo timachepa mpaka makina osationa m'magazi poyeza ija timati carga viral, ndipo zikatero sapatsira mnzake pogonana. Mwana ali m'mimbayo akutetezedwanso ndi botolo lomwelo.

Nanga anabisiranji? Dzifunseni. Ndaonapo amayi akutuluka m'chipinda choyezera atamanga mapilitsi kunsonga ya chitenje, n'kuyamba achotsa chipepala cha pabotolo asanafike pachipata. Amaopa chibakera, amaopa kupakiridwa katundu ankhoswe asanamve n'komwe. Mwamuna amene amakalipa ndiwo zikachepa mchere, mkazi angamuuze bwanji nkhani ngati iyi?

Amayi nanunso sindikusiyani. Kubisa si mankhwala. Wobisa amadumphitsa, chifukwa bambo akakhala pakhomo sapeza mpata womwera. Ngati pakamwa pakulemera, bwerani naye mwamunayo, tikuyezeni limodzi ngati kuti n'koyamba, tikuthandizeni kulankhula. Ngati amakumenyani, tiuzeni zimenezo poyamba. Magulu a GAAC aja, oti anthu mpaka 6 amasinthana kukatengerana mankhwala, anayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2008, mayiko ena n'kudzatengera kwa ife. Analimba chifukwa anthu anasiya kubisirana.

Wogwiririra mwana kapena mayi, ameneyo ndiye wa kupolisi, ndipo musakambirane zolipitsana mbuzi kwa amfumu. Wogwiriridwayo afike kuchipatala maola 72 aja asanathe.

WOULUTSA: Amayi, nthawi yatithera.

ANAMWINO: Bambo a ku Mualadzi, botololo libwezereni kwa mwini wake usiku uno, asadumphitse. Mawa mulawirire limodzi kuchipatala, mukayezetse. Kuyezetsa ndi kwaulere.