Maselo a dendritic: mafunso ndi mayankho

Kodi maselo a dendritic ndi chiyani?

Ndi maselo a chitetezo cha m'thupi okhala ndi timanja tambirimbiri totambasuka. Amakhala pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo, momwe tizilombo timalowera. Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn a ku Rockefeller University ku New York ndiwo anawazindikira mu 1973, powunika kapamba wa mbewa. Steinman anapata mphoto ya Nobel mu 2011, koma anamwalira kutatsala masiku atatu kuti ilengezedwe.

Ndiye kuti amapha tizilombo?

Kupha si ntchito yawo yeniyeni. Selo likagwira kachilombo limakaphwanya n'kunyamula tizidutswa take kupita nato ku ma lymph node, tinthu tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche tikati munthu watuluka mwanabele. Kumeneko limaonetsa tizidutswato kwa maselo a T, asilikali a m'thupi, kuti amudziwe mdaniyo. Katemera amagwira ntchito podalira ulendo womwewu.

Bwanji alipo a mitundumitundu?

Chifukwa adani safanana. Mtundu wa cDC1 umadzutsa maselo a T otchedwa CD8, amene amapha selo lathu lomwe likalowedwa ndi vairasi kapena likasanduka khansa. Luso lake n'lodabwitsa: umatola zotsalira za selo lakufa n'kuzindikiritsa chomwe chalipha, iwo wosadwala. N'chifukwa chake ofufuza za khansa amaukonda kwambiri. Wa cDC2 umalankhula makamaka ndi maselo a T otchedwa CD4, ndipo umathandiza polimbana ndi mabakiteriya, mafangasi ndi njoka za m'mimba. Wa pDC sumeza zambiri. Ukamva vairasi umathira m'magazi mankhwala ochuluka otchedwa interferon, ngati ng'oma yochenjeza mudzi wonse. Pakhungu palinso maselo a Langerhans, omwe Paul Langerhans atawaona mu 1868 anawayesa a mitsempha.

Nanga HIV imawapulumuka bwanji?

Imawasandutsa onyamula katundu. Ena mwa maselowa amaigwira pakhungu lofewa la kumaliseche n'kupita nayo yamoyo ku ma lymph node, komwe kwadzaza maselo a CD4 amene iyo ikufuna.

Kodi mwanabele ndi woopsa?

Nthawi zambiri ayi. Amangosonyeza kuti asilikali akuchulukana chifukwa cha chilonda kapena matenda apafupi, ndipo amaphwa yekha. Koma akakhala milungu ingapo, akamakula, kapena akabwera ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, pitani kuchipatala akakuyezeni TB ndi HIV.