Kodi 123,456,789 ndi nambala ya prime?

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 3. Mnzanga akulimbikira kuti 123,456,789 ndi nambala ya prime chifukwa siigawika ndi 2. Ine ndikukayika, koma nambalayo yatalika moti sindikudziwa poyambira. Kodi munthu angaizindikire bwanji popanda kuchezera kugawa usiku wonse? *Wophunzira, Dedza*

Yankho: Mwanawe, wachita bwino kukayika. Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Kusagawika ndi 2 pakokha sikukwanira: 9 ndi 15 nazonso sizigawika ndi 2, koma 3 amazigawa popanda chotsala.

Yamba ndi dijiti yakumapeto. Poti ndi 9, ndiye kuti 2 ndi 5 alibe malo pano. Kenaka phatikiza madijiti onse, kuyambira 1 mpaka 9. Upeza 45. Popeza 45 amagawika ndi 9, nambala yonseyo imagawikanso ndi 9. Lamuloli si matsenga ayi. Ukagawa 10, 100 kapena 1,000 ndi 9, nthawi zonse pamatsala 1, choncho dijiti iliyonse imangopereka mtengo wake ku chotsalacho. Mkangano wanu wathera pomwepa: nambalayi si prime.

Koma usaimire pamenepo. Igawe ndi 9, upeza 13,717,421. Iyi njovutirapo, ndipo apa mpofunika nzeru imodzi. Nambala ikakhala yopangidwa pochulukitsa ziwiri, imodzi mwa ziwirizo siingapose square root yake. Square root ya 13,717,421 ili pakati pa 3,703 ndi 3,704, ndiye sufunika kuyesa mamiliyoni. Uyesa ma prime osaposa 3,703, ndipo woyamba kuigawa ndi 3,607. Pamanja imeneyo ndi ntchito ya kalavulagaga, koma kompyuta imaimaliza m'kuphethira kwa diso.

Mapeto ake, 123,456,789 = 3 × 3 × 3,607 × 3,803, ndipo onsewa ndi ma prime. Mzere umenewu ukuuza zambiri. Nambala zoigawa zilipo 12. Siichokera pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe, chifukwa 3,607 ndi 3,803 aliyense waoneka kamodzi kokha. Ukaphatikiza zoigawa zonse kupatula mwiniwakeyo, upeza 54,966,027, zochepa kuposa iyo, n'chifukwa chake ili m'gulu lotchedwa deficient. Yerekeza ndi 28 wa m'gulu la perfect, amene zomugawa zake, 1, 2, 4, 7 ndi 14, zimabwerera ku 28 ndendende.

Ma prime aakulu alipo ndithu. Euclid anatsimikizira zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti satha. Mu October 2024, Luke Durant wa gulu la GIMPS anapeza wa madijiti 41,024,320.

Mnzakoyo usamuseke. Mupatse pepala aphatikize yekha madijitiwo, kenaka muyesere limodzi 987,654,321.