Msampha Wogwira Agologolo Amoyo

Mbewu zikayamba kusowa m'munda wa kafukufuku kapena mu nazale, mlandu umagwera mbewa ndi makoswe, ndipo ambiri amathamangira kukagula mankhwala akupha. Komatu m'madera a mitengo ya tsanya, monga m'zigwa za Shire, Luangwa ndi Zambezi, wakuba amatha kukhala gologolo. Iyeyu amadya masana, pamene mbewa zambiri zimayenda usiku. Mankhwala otchera mosadziwa mdani amatha ndalama, ndipo amapha nkhuku, agalu ndi akadzidzi, amene ndiwo amachepetsa mbewa. Diwa nalo limaphwanya chilichonse chimene lagwera. Msampha wogwira nyama yamoyo umapatsa mlimi mpata woona kaye chimene chikumuonongera asanagamule chochita.

Gologolo wofala m'maderawa ndi amene asayansi amamutcha Paraxerus cepapi, dzina lochokera kwa Andrew Smith amene anamulemba mu 1836. Amalemera pafupifupi magalamu 200, ndipo kutalika kwake ndi masentimita 35, theka lake nkukhala mchira. Amagona m'mphako, amadya njere, zipatso ndi tizilombo touluka kapena tokwawa. Ofufuza amagwiritsa ntchito misampha yachitsulo yonga ya Sherman, imene inapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1920, koma imeneyi njodula ndipo yofala kwambiri njaifupi, masentimita 23 okha. Mmisiri wa pamudzi atha kukhoma wabwino ndi zidutswa za matabwa.

Bokosi lake likhale lotalika masentimita 45, ndipo m'lifupi ndi msinkhu masentimita 13 mkati. Kutalikaku sikongokometsera: bokosi likafupika, chitseko chimagwera mchira ndi kuusenda khungu. Kumbuyo kutsekedwe ndi waya wa sefa wolimba kuti kuwala kudutse, pakuti gologolo salowa msanga m'malo amdima osaoneka potulukira. Chitseko chikhale kathabwa kolemererako, kotsetsereka pakati pa timitengo tokhomedwa mbali zonse ziwiri za khomo, ndipo mkati mwake mukhomedwe lata chifukwa mano a gologolo amaboola thabwa lofewa.

Luso lonse lagona pa chofwamphula. Padenga la bokosi, masentimita 8 kuchokera kumbuyo, pabooledwe kabowo. Waya wolimba apindidwe kamphete pakati, msomali upyole kampheteko ndi kugona chopingasa pabowo, kuti wayayo azilendewera momasuka. Kumunsi kwake, mkati mwa bokosi, akhale ngati mbedza yokolekapo nyambo. Kumwamba kwake kumangidwe chingwe chofika kukhomo. Kumapeto a chingwecho kukhale msomali wina, wolowetsedwa pang'ono chabe m'kabowo ka m'munsi mwa chitseko chitakwezedwa, ndipo utsamire padenga. Gologolo akakokera nyambo kwa iye, mutu wa waya umapendekera kumbuyo, chingwe chimasolola msomali, chitseko nkugwa. Chingwe chikakhala cholendewera, nyambo idzatha chitseko chili m'mwamba. Msomali ukalowa kwambiri, kanyama ka magalamu 200 sikangausolole. Nchifukwa chake wokonzayo ayese kangapo pokhudza mbedza ndi kaudzu kolimba, kufikira chitseko chizigwa mosavuta. Nyengo ya mvula matabwa amafufuma, choncho mpata wa chitseko ukhale wotakasukirako.

Nyambo yabwino ndi chiponde chosakaniza ndi gaga, chomangidwa m'kansalu kuti chisachoke popanda kukokedwa. Kachidutswa ka chisononkho chokhala ndi maso ochepa a chimanga kamachitanso bwino. Masiku awiri kapena atatu oyamba chitseko chimangidwe kuti chisagwe, agologolo azolowere kulowa. Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa chofulumira, kenaka nkumanena kuti msampha sugwira.

Msamphawo uikidwe pamthunzi, patsinde pa mtengo kapena pachipika chimene agologolo amadutsapo, ndipo utsindiridwe ndi mwala kuti usagwedere. Utcheredwe m'mamawa ndi kuonedwa pakapita maola awiri alionse, chifukwa kanyama kotsekeredwa padzuwa la Okotobala sikachedwa kufa. Wofuna kudziwanso za oyenda usiku autchere madzulo, ndipo alembe padera zimene zagwidwa masana ndi zausiku. Kaundula wotereyu wa sabata ziwiri ndiye amasonyeza ngati vuto ndi gologolo kapena mbewa.

Nyama yogwidwa isakhudzidwe ndi manja. Thumba lolimba livekedwe kukhomo, chitseko chikwezedwe, ndipo gologolo adzathawira m'thumbamo yekha. Amaluma kwambiri, ndiponso nthata za nyama zamtundu wa makoswe zimafalitsa matenda a plague, amene anabuka ku Nsanje mu 1997 ndi 2002, komanso ku Nyimba mu 2015. Kukamumasula pafupi ndi munda wa mnzake nkungosamutsa vuto. Apite naye kunkhalango yotalikirana ndi minda. Wamkazi wa mawere otupa ndiye kuti wasiya ana m'mphako, ndipo ndi bwino kumumasula pomwepo. Kutchera msampha uliwonse m'malo osungirako nyama, monga Liwonde kapena South Luangwa, kumafuna chilolezo cha boma.